Geti Lalikulu la Egya Ato

"Ine ndikali moyo, dzanja la boma silidzalowa m'thumba mwanga, ndipo ambulansi sidzaponda udzu wa pabwalo langa. Amene wamva akauze mnzake wogontha."

Anatero Egya Ato Bentsil (kwathu Egya ndiye kuti Bambo) ataima pakhomo la nyumba yawo yoziziritsira nsomba, nsalu ili paphewa, mimba ili patsogolo ngati ikufuna kukafika msanga kusiyana ndi mwini wake. Asodzi ndi amayi ogula nsomba amene anali pamenepo anawomba m'manja. Sikuti onse anaimvetsa nkhaniyo ayi, koma ku Esaakrom ukatsutsana ndi mwini madzi oundana, nsomba zako zimakuolera m'dengu.

Egya Ato anali ndi mabwato, mainjini ndi nyumba zalendi, koma chimene ankagona nacho n'kudzuka nacho chinali timu ya mpira, Esaakrom Sailors. Anaitola pamchenga, anyamata akusewera opanda nsapato, n'kuikwezakweza mpaka inalowa mu ligi yaikulu. Bwalo anamanga okha. Analizinga ndi mpanda wautali, kakhomo kolowera anthu n'kukapanikiza dala kuti munthu azidutsa cham'mbali, mmodzimmodzi, wina asazembere kumbuyo kwa mnzake. Geti lalikulu lolowera galimoto linali ndi kiyi mmodzi, ndipo kiyiyo ankagona m'thumba momwe muja boma linaletsedwa kulowa. Ndalama za pakhomo zinkapita kunyumba kwawo m'matumba a mpunga. Zinali zingati? Kafunseni matumbawo.

Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Bambo wa wosewera akamwalira, bokosi linkachokera kwa iwo. Timu ikapambana, anyamata ankadya kenke, nsima yathu yowawasa ija, ndi nsomba zokazinga mpaka kumasula malamba, kenako aliyense n'kufumbatitsidwa ndalama zake. Ikagonja, ankauzidwa kuti njala imanola mwendo. Dzanja lawo linali lotambasuka ndithu, bola litambasuke lokha, pa tsiku limene lafuna.

Chimene chinawatokosa chinali ichi. Chaka cham'mbuyo mwake, ku tauni ina ya kumigodi, mnyamata anagwa pakati pa masewero n'kufera pomwepo, dokotala palibe, galimoto palibe. Dziko linalira, mawailesi anakalipa, ndipo boma linakonza lamulo. Timu iliyonse ya mu ligi yaikulu izipereka gawo la ndalama za pakhomo ku thumba limodzi. Thumbalo lizilipira dokotala woyeza mtima wa wosewera aliyense ligi isanayambe, lizilipira ambulansi yoima pabwalo pa masewero aliwonse, komanso lizisamala wovulala. Eni matimu nawo azionetsa poyera mmene ndalama zikulowera ndi mmene zikutulukira.

Eni matimu anaitanidwa ku Accra, likulu la dziko. Amene anaima kufotokoza lamuloli anali Mayi Eshun a ku unduna wa zamasewero, mwana wa ku Esaakrom konkuno, amene Egya Ato anawaona akugulitsa malalanje pamutu ali kamtsikana.

"Egya," anatero mayiwo, "timu sitikulandani. Tikungoti mwana wa eni akamakuthamangirani, pakhale womuyang'ana."

"Mwana wanga, sukulu yakuyanja, wanenepa," anayankha Egya Ato. "Koma tandiuza, boma lakolo linagulako mpira ngakhale umodzi? Pamene ndinkagulitsa bwato kuti anyamata akwere basi, linali kuti? Utsi tinatsamwa nawo tokha. Lero mphika wapsa, likubwera ndi supuni yake."

Holo yonse inaseka. Ndiye anaimirira Alhaji Tanko, nkhalamba yoonda, mwini timu ya kumigodi imene inataya mnyamata uja.

"M'bale wanga, inenso ndinkayankhula ngati inu. Mnyamata uja ndinamunyamula ndekha, m'manja awa. Sindinkadziwa kuti mwana woonda angalemere chotero. Amayi ake mpaka lero akandiona amawoloka msewu."

"Pepani, Alhaji, maliro ndi maliro," anatero Egya Ato. "Koma anyamata anu muziwadyetsa. Kwanu kuja munthu amalowa m'bwalo atangomwa tiyi wopanda chomwera. Anga amadya nsomba. Mtima wa mwana wa msodzi ndi injini, suzima pakati pa nyanja."

Alhaji anakhala pansi, n'kumangoyang'ana manja awo.

Kenako Egya Ato anatulutsa chibonga chenicheni. Anakumbutsa akuluakulu a boma kuti oyendetsa mpira wa dziko lonse lapansi amadana ndi boma lolowerera za mpira, ndipo akangomva, timu ya dziko idzaletsedwa kusewera kunja. "Ndiye mukawafotokozere anthu nokha, chisankho chili pakhomo, chifukwa chake anyamata athu akhala pakhonde anzawo akusewera." Eni matimu ambiri, amene nawonso anali ndi matumba awo a mpunga, anavomereza ndi mapazi omwe. Boma linatsokomola, linati likufuna kumvanso maganizo a anthu, ndipo lamulo lija linakagona m'kabati. Egya Ato anabwerera kwawo ngati msodzi amene wakoka nangumi ndi mbedza ya matemba, ndipo linali tsiku lomwelo pamene anaima pakhomo paja n'kulumbira.

Za ambulansi, kunena zoona, ambiri tinali kumbali yawo. Kwathu wodwala timathamanga naye kuchipatala pa takisi. Ambulansi ndi ya amene wamaliza kudwala. Timaiona Lachisanu ndi Loweruka ikulira kuchokera ku mochale, bokosi lili kumbuyo, achibale atamanga nsalu zofiira kumutu. Ndani angaimike chinthu chotero kuseri kwa golo, ana akusewera? Kumeneko n'kulondolera mlendo amene sanakufunse njira.

Tsono mu timu ija munali Fiifi, mwana wa Maame Araba, mlongo wawo wa Egya Ato. Kwathu chuma chimatsata mimba: ana ako ndi a mkazi wako, wolowa m'malo mwako ndi mwana wa mlongo wako. Egya Ato ana anali nawo, ndipo ankawalipirira sukulu mosanyinyirika, koma mtima wawo unali pa Fiifi. Nsapato zake zoyamba za mpira anakamusankhira okha. Mnyamatayo anali wamtali, wosachedwa kuseka, ndipo mpira ukafika pamwendo wake wamanzere agoloboyi ankayamba kukumbukira machimo awo. "Bwalo ili ndi lako," ankatero malume akewo. "Ine ndikungokusungira."

Tsiku lina Maame Araba anaitanitsa mlongo wawo ku mauvuni kumene ankawamba nsomba. Utsi unali tolotolo, maso a aliyense ali psu.

"Achimwene, mwana wanuyu sakundisangalatsa. Akachoka kothamanga amadzakhala pansi apa atagwira pachifuwa. Akuti mtima ukugunda ngati ng'oma, m'maso mukuchita mdima. Dzana anagwa pafupi ndi uvuni, chafufumimba. Pitani naye kwa dokotala wamkulu, wa mitima uja ankanena Mayi Eshun."

"Mtima wa mnyamata ukamagunda, funsa dzina la mtsikana," anatero Egya Ato. "Iwe Araba, dokotala ali ngati wapolisi wa pamsewu. Akaimitsa galimoto sailola kupita asanaipezere cholakwa. Loweruka lino kukubwera mzungu wa timu ya kunja kudzamuona. Ukufuna amve kuti tinali naye kuchipatala? Amutenge kaye, akamuyeze okha kwawoko ndi makina awo, kwaulere."

"Ine sindinabereke galimoto," anatero Maame Araba.

Fiifi, amene ankatola nsomba pa waya chakumbali akuyesa kuti sakuoneka, anaseka. "Amayi, ndi dzuwa chabe. Dikirani ndipite, ndidzakumangireni nyumba yopanda utsi. Mudzayamba kununkhira sopo, mpaka amphaka a m'tauni muno adzasiya kukutsatirani."

"Choka apa, wakuba iwe," anatero mayi ake, akumugenda ndi mutu wa nsomba. Anaseka nawo, koma maso awo sanachoke pa mlongo wawo. Egya Ato anayang'ana kunyanja. Mumtima ankadziwa kuti Araba si munthu wonama. Anangodziuza kuti sabata si chaka. Mzungu akachoka adzapita naye okha mwanayo, mwakachetechete, pa ndalama zawo, popanda boma lowauza chochita.

Loweruka lija Sailors inkakumana ndi timu ya Alhaji Tanko. Tauni yonse inakhuthukira kubwalo. Bandi ya malipenga inali pakona, ng'oma zili pakona ina, amayi a kenke ndi nthochi zokazinga atayala matebulo mpaka pakati pa msewu, magalimoto atapanikizana ngati nsomba mu uvuni. Masewero asanayambe kunatulukira ambulansi yoyera ikukwawa pakati pa anthu, Mayi Eshun atakhala pambali pa dalaivala. Lamulo analibe. Anachita kukaipempha okha kuchipatala.

"Mwafulumira, sitinafe!" anakuwa masapota. "Pitirirani, maliro ali kutsidya!"

Egya Ato anafika pageti akuzungulitsa kiyi pachala.

"Egya, simulipira kanthu," anatero Mayi Eshun. "Ingoima pakona, kuseri kwa mpanda. Palibe amene aione."

"Imfa imaona. Mwana wanga, tsiku la mwana wa mlongo wanga, mzungu ali pampando, iwe undiimikire galimoto ya mitembo? Wakutuma Alhaji kapena? Ichoke. Ngakhale mumsewu muno isaime. Mthunzi wake usakhudze mpanda wanga."

Dalaivala sanalimbelimbe. Anati kuli banja lina limene likumudikira kuti akasiye mtembo kumudzi, kutsidya kwa dziwe, ndipo ilo silithamangitsa anthu. Anabwerera chambuyo, masapota akuimenya galimotoyo m'nthiti. Mayi Eshun anatsika n'kukaima pamzere wa matikiti.

"Tikiti yokha mundigulitsa, Egya?"

"Ndalama ya boma ikamalowa sindidana nayo. Ndimadana ndi yotuluka."

Fiifi anasewera ngati wauzidwa kuti mawa kulibe. Asanapite kopuma anamwetsa chigoli ndi mwendo wake uja, goloboyi n'kugwera uku mpira ukulowera uko. Anathamangira kumene kunakhala malume ake n'kuwachitira sawatcha, mano onse ali panja. Mzungu anagwedeza mutu n'kutulutsa foni.

Pa nthawi yopuma Egya Ato analowa m'chipinda cha osewera kukawaza madalitso. Anapeza anyamata akuimba, koma Fiifi atakhala pakona, mutu uli pakati pa mawondo. Mphunzitsi wa timu anakokera Egya Ato pambali. "Bwana, ndimutulutse. Milomo yake yatuwa. Ntchito wagwira kale."

Egya Ato anagwada pamaso pa mnyamatayo, chinthu chovuta kwa munthu wa mimba yotero. "Iwe Fiifi, uli bwanji?"

"Malume, ndikupuma ngati ndakwera phiri, koma ndi zazing'ono. Mzungu wati chiyani?"

Apa ndi pamene mtima wa Egya Ato unaima pa mphambano. Anaona thukuta lozizira pamphumi pa mwanayo, anakumbukira maso a Araba mu utsi muja. Koma mzungu anali atanena kuti akufuna kuona ngati mnyamatayo ali ndi mpweya wa masewero onse. Kutsidya kwa nyanja kunali pafupi chonchi, ngati chipatso chimene chagwira kale nsonga za zala.

"Wati ndiwe mkango. Imwa madzi, umalize. Lolemba tipita limodzi kwa dokotala wa amayi ako uja, ndalumbira."

Apa muyenera kudziwa mwambo wa Sailors. Timu ikatsogola, masewero akupita kumapeto, Egya Ato anaphunzitsa anyamata kudya nthawi. Mphepo ikakukhudza, igwa. Ukagwa, gubuduka. Dokotala wa timu, amene anali mkulu wina wa ndowa, siponji ndi mankhwala opaka, analamulidwa kuti akaitanidwa aziyenda ngati akupita kwa apongozi kukayankha mlandu. Masapota tinkaudziwa mwambowu. Tinali nayo ngakhale nyimbo yake, yoti gona, mwana, gona, wotchi ikuyendere.

Choncho pamene Fiifi anayenda pang'ono yekhayekha pakati pa bwalo, n'kugwa popanda womukhudza, bwalo lonse linaseka. Nyimbo inayamba, malipenga n'kuilandira. Osewera a Alhaji anazinga woyimbira akuloza wotchi. Mkulu wa ndowa anadzuka, anadziwongola, n'kuyamba kufunafuna siponji imene inali m'manja mwake. Egya Ato anagunda mzungu ndi chigongono. "Mwaona? Mwendo ali nawo, mutu ali nawonso."

Mawu amene anang'amba nyimbo ija anali a Maame Araba. Iwo ankadziwa kuti mwana wawo akamanamizira amagwira bondo, amagubuduka, diso limodzi likusuzumira woyimbira. Uyu sanagwire kanthu. Nkhope inali m'udzu, manja ali pansi pa mimba, monga anagwera pafupi ndi uvuni.

"Mutembenuzeni! Mutembenuzeni mwana wanga!"

Anadumpha waya, nsalu ikung'ambika. Wina amene anathamangira komweko anali Alhaji Tanko, chipewa chitagwa, chifukwa kagwedwe kameneko anali atakaonapo.

Zimene zinatsatira zinali za anthu okonda koma osadziwa. Wina anamukhuthulira ndowa ya madzi. Ena ankamukupiza ndi majezi. Wina ankafunafuna supuni yoti amuike mkamwa. Mayi Eshun anakankha onsewo, anagwada, n'kuyamba kudinikiza pachifuwa monga anaphunzitsidwira, akukuwa kuti wina aimbire dalaivala uja. Dalaivala anayankha ali kutsidya kwa dziwe, bokosi lili kumbuyo, olira atadzaza. Mtembo wa eni sausiya pamsewu. Anyamata anayesa kumunyamula Fiifi kupita naye ku kakhomo, koma kakhomo kaja kanamangidwa kuti kazidutsa munthu mmodzi cham'mbali, ndipo panali chipwirikiti, ena akuthawa, ena akukankhana kulowa kuti adzaone. Anabwerera naye n'kumugonekanso paudzu.

Egya Ato anathamanga. Palibe ku Esaakrom amene anawaonapo akuthamanga. Nsalu inagwa paphewa n'kumakokeka pansi, nsapato imodzi inatsala pa masitepe. Kiyi uja anayamba wakana kulowa. Geti litatseguka, kunja anapeza matebulo, mbaula, mapoto a mafuta otentha ndi magalimoto opanda eni, yawo yomwe itatsekeredwa pakati. Munthu amene anagonjetsa boma ku Accra anaima pamsewu, phazi limodzi lopanda nsapato, akupempha amayi a kenke kuti asunthe.

"Takisi! Wina andipatse takisi! Ambulansi ija ili kuti? Iitaneni! Ndilipira, ndilipira chilichonse!"

Tsiku lina tikanaseka.

Atacheuka anaona Mayi Eshun ataleka kudinikiza, atakhalira zidendene, manja ali lende. Osewera a matimu onse awiri anali atagwada. Kulira kunayambira mbali yomwe ija kumene kunayambira nyimbo. Egya Ato anabwerera akukoka miyendo, anthu akuwapatsa njira. Maame Araba anali ataika mutu wa Fiifi pamiyendo pawo, akumuchotsa udzu kumaso kamodzikamodzi, ngati akumukonzekeretsa kupita kutchalitchi. Sanakuwe. Sanakweze ngakhale mutu.

"Achimwene, muitaneni mzungu wanu uja, amuyeze tsopano."

Egya Ato anafuna kugwira phazi la mwanayo, nsapato zomwe anamugulira okha, koma dzanja linakana. Anabwerera kugeti, chifukwa pabwalo lonse limene anamanga, amenewo okha ndi malo amene anatsala oti angaimepo.

Dzuwa litapendeka, amayi atachotsa matebulo okha popanda wowauza, ambulansi inabwera. Sinkalira, panalibenso chothamangira. Itafika pageti inaima. Mphepo ya kunyanja inali itakankha zitseko, zitatsala pang'ono kutsekeka. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo. Sankanyoza ayi, ankangofunsa monga munthu amene masana omwewo anathamangitsidwa pamalopo.

"Egya, ndilowe?"

Egya Ato anasendera pa zitsekozo. Anagwira chitseko chimodzi ndi manja onse awiri n'kuchikokera kumbuyo. Chinacho anayesa chatseguka ndi mphepo, mpaka anaona kuti achigwira ndi Alhaji Tanko, amene sanawayang'ane n'komwe. Ambulansi inadutsa pakati pa nkhalamba ziwirizo, matayala ake n'kuponda udzu, pang'onopang'ono, kulunjika pakati pa bwalo.

Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.